Phale la Agogo Ako

Tiyamike mwana wanga,

Ndikukulembera ndili kuntchito kuno ku Loughborough, pa nthawi yopuma ya masana. Kunja kukuwaza kamvula kaja kosatha, okalamba amene timawasamalira akuwodzera pamipando yawo, ndipo cholembera ichi ndachita kubwereka chifukwa changa chandithera pa mzere woyamba. Ndalemba m'Chichewa dala, usakwinye nkhope. Munthu amene amawerenga Chiheberi cha anthu amene anafa kalekale, cholembedwa chobwerera m'mbuyo, sangalephere chilankhulo cha bambo ake amoyo. Liwu likakuvuta ulitchule mokweza, khutu lako likukumbutsa.

Mawa sitima yako inyamuka m'ma 9 koloko. Miyezi iwiri ukakumba mabwinja ku Yorodano, kenako zaka zitatu za sukulu ku Jeremani. Ndine wonyada, ndipo ndikunena poyera kuti usadzakayike. Koma papita milungu isanu ndi umodzi iwe ndi amayi ako musakulankhulana, m'kanyumba kamene munthu akatsokomola kuchipinda amamveka kukhitchini. Ine mwandisandutsa mtengamakalata wa pamasitepe. "Muuzeni mwana wanu chakudya chili mu uvuni." "Adadi, auzeni amami ndadya kale." Ndatopa, Tiya. Malangizo ndili nawo ambiri, koma pempho ndi limodzi: usatuluke pakhomo paja mawa osawatsanzika amayi ako.

Loweruka lija sindinalipo, koma ndamva mbali zonse ziwiri mpaka makutu kuwawa. Amayi a mapemphero anadzaza pabalaza pathu, nsapato zawo zitaunjikana pakhomo, akuphunzira za makoma a Yeriko. Iwe unalowa ndi thireyi ya tiyi. Mayi Zulu a ku Chipata aja, amene funso siligona m'kamwa mwawo, anati, "Iwe wamasukulu, makoma aja uzakayaona kumene uyenda?" Unaseka, n'kuyankha m'Chingerezi chako chothamanga chija kuti kulibe makoma oti munthu akaone, ofukula anakumba mpaka pansi osapeza mzinda wa nthawi imeneyo, ndipo nkhaniyo inalembedwa patapita zaka mazanamazana. Amayi ako anangoti, "Ika thireyiyo utuluke." Unaika, unatuluka, ndipo mpaka lero aliyense akudikira mnzake.

Sindikuti unanama. Mabuku amene unawerengawo ndinawawerenga iwe usanamere mano. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mawu amene unanenawo ndi anga. Ndinawanena pakhonde la shopu ya telala ku Mvera, kwa bambo anga, ndipo zimene zinatsatira sindinakuuzepo. Ndakhala ndikukuuza kuti agogo ako anandidalitsa pobwera kuno, anamwalira akunyadira maphunziro anga. Si mmene zinayendera.

Ndiyambe ndi phale lija lili pawindo la kukhitchini pafupi ndi botolo la sopo, limene uli mwana unkati ndi bisiketi youma. Ndinakuuza kuti ndinachita kupatsidwa. Ndinaba. Ndili mphunzitsi wachinyamata pa koleji ya abusa ku Zomba, iwe uli ndi chaka chimodzi, ndinapeza mwayi wokakumba nawo milungu isanu ndi umodzi pa chulu china chachikulu cha kumene ukupitako. Ukaona wekha mmene zimakhalira: mzinda unagwa, ena n'kumanga pamwamba pake, nawonso n'kugwa, mpaka kukhala kaphiri. Ndi bwinja ngati a kwathu omwe aja, kungoti mabwinja ambiri asanjikizana. Tinkayamba kusanatenthe. Aliyense anali ndi dzenje lake la makona anayi lozunguliridwa ndi zingwe, ndipo chilichonse chotuluka m'dothi chinkalowa m'ndowa yokhala ndi kapepala konena malo ake ndi kuya kwake. Masana tinkatsuka mapale, akauma akatswiri ankawayala patebulo n'kumatchula zaka zawo poyang'ana milomo ndi zogwirira. Tsiku lina m'mbali mwa dzenje langa munagumuka pang'ono, ndipo m'dothi logumukalo munali chogwirira cha mtsuko chokhala ndi kadzenje pamene woumba anadinda chala chake. Ndinaikapo chala changa, chinakwana ndendende. Ndinaganiza za bambo anga, amene anawerenga za dziko limenelo moyo wawo wonse osaliponda, ndipo ndinachilowetsa m'sokosi.

Usadzachite zimenezo, Tiya, ngakhale kamwala. Sindikunena za apolisi a pabwalo la ndege okha. Phale likachoka pamalo pake popanda kapepala latha ntchito, silingauzenso munthu kanthu. Mayi wina wa ku Scotland amene ankayang'anira dzenje lathu ankatikumbutsa m'mawa uliwonse kuti dothi limene wachotsa sungalibwezere mmene linalili, malo sakumbidwa kawiri. Ndinkagwedeza mutu ngati ndamva, phale lili m'sokosi. Ulembe zonse, ngakhale zimene zikuwononga maganizo amene unapita nawo, makamaka zimenezo.

Agogo ako, a Dafuleni Chimwaza, anali telala, mkulu wa mpingo, ndiponso mphunzitsi wa Sande sukulu kuyambira ine ndisanabadwe. Sukulu anailekeza sitandade 6, koma mayina a mafumu onse a Yuda ndi Israyeli ankawatchula motsatana singano ili pakamwa. Nditawapatsa phalelo anavula chipewa n'kulilandira ndi manja awiri. Tsiku lomwelo analisokera kathumba ka nsalu ya khaki yotsala pa yunifolomu ya munthu wina, n'kuikako kachingwe. Lamulungu lililonse ankapita nalo ku Sande sukulu, ana n'kufola kuti aliyense aike chala pamene panali chala cha woumba. Ankawauza kuti, "Gwirani bwino, mtsuko uwu anamwera anthu a Mulungu." Ine ndinkadziwa kuti palibe akudziwa amene anamwera, koma ndinangokhala chete chifukwa ulemu wake unkandikomera. Anachita zimenezo zaka zitatu.

Kenako ndinapeza malo odzachita digiri ya udokotala wa maphunziro a Baibulo kuno. Iwe ndi amayi ako munatsala ku Zomba kudikira mapepala, ine ndinapita ku Mvera kukatsanzika. Ndinawapeza akumaliza kundisokera jekete, mkati mwake ataikamo bulangete lathunthu chifukwa anamva kuti ku Mangalande kumazizira mpaka makutu kuthothoka. Pakhonde panali anzawo anayi akusewera bawo. Bambo anatulutsa kathumba kaja n'kunena monyada, "Mwana wanga uyu akupita kukatsimikizira azungu kuti zonse zolembedwa zinachitikadi. Tawauza za makoma a Yeriko aja, iwe unafikako." Ndinali nditakhuta mabuku ngati nkhupakupa. Ndikanatha kuseka n'kuti ndidzafotokoza pobwera. Koma ndinaima bwinobwino ngati ndili m'kalasi, n'kuwauza kuti makoma amene anapezeka ndi akale kwambiri kuposa nkhaniyo, kuti pa nthawi imeneyo panalibe mzinda woti ugwe, kuti alembi a mafumu analemba zimene zinkawathandiza. Pofuna kumaliza mwamphamvu ndinaloza kathumbako n'kuti, "Ngakhale ichi palibe akudziwa zaka zake. Ndinangotola m'dothi logumuka, mwina ndi cha dzanadzanali."

Mmodzi wa anthu a bawo aja, amene sankaponda ku tchalitchi, anaomba m'manja n'kuseka. "Ndiye kuti mwakhala mukunamiza ana athu, a Chimwaza?" Bambo anachotsa phazi pa makina. Anadula ulusi ndi mano, n'kundifunsa, "Wamaliza?" Ndinati ndamaliza. Anati, "Chabwino." Anapachika jekete langa pa msomali, n'kuika kathumba kaja m'dirowa ya makina. Madzulo ake sanadye nane.

Kunyumba kwathu kunali lamulo limene iwe ukulidziwa, chifukwa amayi ako analitenga n'kubwera nalo mpaka ku Leicester. Munthu sankanyamuka ulendo osagwada. M'mawa bambo ankavala jekete lawo la ku tchalitchi, n'kukhala pampando pakhonde, wapaulendo n'kugwada, iwo n'kumuika dzanja pamutu, n'kupemphera mpaka maondo kuchita dzanzi. Ngakhale wopita ku Lilongwe kukagula ulusi ankagwada. Ine m'mawa umenewo ndinadzuka, ndinaganiza za kugwada pamaso pa munthu amene sakundiyankhula, ndipo mtima unandiuza kuti ndine wolakwiridwa. Kodi ndinanama? Ndinatulukira khomo la kuseri n'kukakwera galimoto yoyamba. Jekete ndinalisiya pa msomali.

Ndinkati ndikonza ndi kalata. Ndinalemba ziwiri, iliyonse masamba asanu ndi atatu, zodzaza ndi zaka ndi mayina a mitsuko, mopanda liwu limodzi la pepani. Sizinayankhidwe. Ndinati basi, ndidzapita ndi digiri m'manja, tidzakhala pansi ngati amuna awiri. Anamwalira dzinja lachiwiri, pasipoti yanga ili ku ofesi kukadindidwa, ndipo maliro ndinawamvera pafoni ndili chiimire m'kanjira ka ku laibulale. Patapita miyezi mlongo wanga, azakhali ako a Esinati, ananditumizira jekete lija ndi kathumba kudzera mwa munthu wina wobwera kuno, ndipo pafoni anandiuza chimene ndikanakonda asanandiuze. Anati, "Achimwene, tsiku lija bambo anavala jekete m'mamawa n'kukhala pakhonde. Ndinawauza kuti mwapita kale. Anati, 'Wangopita kukafunsa za basi, abwera.' Tiyi anazizira. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa kufika pamutu, shopu sanatsegule." Anandiuzanso kuti phale lija silinapitenso ku Sande sukulu.

Ukumva, Tiya? Munthuyo anakwiya, sanadye nane, koma m'mawa anavala jekete. Ine ndi amene sindinapite. Papita zaka pafupifupi makumi awiri ndipo chinthu chimenechi sichinapepuke ngakhale pang'ono.

Wakhala ukundifunsa chifukwa chake sindinamalize digiri, ine n'kumakuyankha kuti ntchito inachuluka inu mutabwera. Nalonso ndi bodza la theka. Kafukufuku wanga unali wa mabuku awiri aja a m'Baibulo a mbiri ya mafumu, lakale ndi lolembedwa pambuyo. Ukuwadziwa. Lakale limanena zonse: mfumu yokondedwa ija inatenga mkazi wa msilikali wake, n'kuphetsa mwamunayo, ana ake n'kudzaphana okhaokha. Mlembi wachiwiri, amene analemba anthu atabwerera kuchokera ku ukapolo ku Babulo, anali ndi buku lakalelo pamaso pake, ankakopera mzere ndi mzere, koma atafika pamenepo analumpha. Ndinabwera kuno nditanola mpeni kuti ndimuyalutse mlembi ameneyo. Bambo atamwalira ndinkakhala patebulo n'kumayang'ana malo amene analumphawo, ndipo sindinkathanso kumukalipira. Ankalembera anthu amene anabwerera n'kupeza phulusa, ofuna chinthu chimodzi choyera choti agwire. Ndinalephera kulemba zomutsutsa, ndinalepheranso kulemba zomuikira kumbuyo. Mapepala onse ali m'makatoni atatu kudenga, pamodzi ndi jekete lija limene sindinalivalepo.

Choseketsa, ngati n'choseketsa, n'chakuti ine ndinasanduka mlembi yemweyo. Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri unabwera ndi homuweki yolemba mbiri ya banja, unakhala pamiyendo panga, ndipo ndinakusimbira za agogo ako mzere ndi mzere, makina awo, Sande sukulu, kathumba ka khaki. Nditafika pa khonde lija ndinalumpha. Ndinkati ndikukuteteza. Taona zotsatira zake: wakula osadziwa kuti pamenepo pali dzenje, ndipo wagweramo pa malo omwewo, ndi mawu omwewo. Ndikanakuuza kale, mwina Loweruka lija ukanangoika thireyi n'kumwetulira. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndikupepesa. Ukadzakhala wolemba mbiri, uwamvetse amene analumpha, koma iwe usalumphe.

Zambiri za mbiri ndaziphunzira kuno ndikusambitsa okalamba, osati ku laibulale. Tili ndi bambo wina, a Harold, amene anagwira ntchito moyo wawo wonse mu fakitale ya masokosi ku Leicester. Nkhani yawo ndi imodzi: tsiku limene fakitale inatsekedwa. Lolemba amati iwo ndi amene anazimitsa makina omaliza. Lachinayi amati anali kunyumba akudwala, anamva kwa mkazi wawo. Tsiku lina anandiuza kuti kunagwa chipale chofewa, mwana wawo n'kundinong'oneza kuti munali mu Juni. Mtsikana wina amene tinkagwira naye ntchito ankawakonza nthawi zonse, "Ayi a Harold, dzulo simunatero," mpaka bamboyo anasiya kuyankhula naye. Komatu fakitale inatsekedwadi, ndipo chinachake chinamuthyokera munthuyo tsiku limenelo. Ndikawameta ndevu ndimangofunsa kuti, "Ndiye zinatani?" Sindikuti usiye kufunsa kuti chinachitikadi n'chiyani, imeneyo ndiyo ntchito yako. Ndikuti ufunsenso kuti munthuyu nkhaniyi akuigwiriranji chonchi, usanamulande.

Ndipo pa ntchito yakoyo, samala ndi kukula mtima kwa mawu. Pakhonde paja ndinati panalibe mzinda. Zimene ndinkadziwa zenizeni n'zakuti ofukula sanaupeze. Ena amati mvula ndi mphepo zinakokolola dothi la pamwamba pa chulu cha Yeriko, ena amati sizokwanira kufotokoza kusowako, ndipo akukanganabe. Ine ndimapendekera kumbali yako, ndikuganiza kuti nkhaniyo inakula m'kamwa mwa anthu isanafike pa chikopa. Koma kupendekera si kuona. Katswiri weniweni aliyense amene ndinakumana naye ankati "sitikudziwa" kakhumi pa tsiku osachita manyazi. Ofuula anali ife a milungu isanu ndi umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga, ndipo pa chulu paja ukadekha ukhoza kutha mwezi wathunthu pa dothi lokwana chikhatho chimodzi.

Tsopano ndikuuze chimene unaponda Loweruka lija osadziwa. Amayi ako anandiletsa kukuuza, akamva andidya wamoyo, koma ndalumpha zokwanira. Chaka chimene munafika kuno unadwala matenda oumitsa khosi. Iwe umangokumbukira ayisikilimu ndi chidole cha chimbalangondo. Tsiku lachitatu dokotala anatitengera m'kachipinda kokhala ndi bokosi la tishu patebulo, ndipo amayi ako, pokhala nesi, anadziwa tanthauzo la kachipindako asanayambe n'kuyankhula komwe. Anangotuluka. Munali mu Januwale, masana, kukugwa mvula yosakanikirana ndi madzi oundana. Ndinawaona pawindo akuyenda m'mbali mwa mpanda wa chipatala, atavala masilipasi, opanda ambulera. Anazimiririka pakona, patapita nthawi n'kutulukira mbali inayo, n'kupitiriranso. Anazungulira chipatala chonsecho kasanu ndi kawiri. Mlonda anawatsatira ulendo umodzi n'kuwasiya. Atabwera, milomo ili mbuu, anagwira chitsulo cha bedi lako n'kunena kuti, "Khoma ili ligwa." M'mawa mwake unatsegula maso n'kupempha madzi.

Ndikudziwa chimene unene, chifukwa nanenso ndinachiganiza: anali mankhwala. Amayi ako akudziwa dzina la mankhwalawo ndi mlingo wake kuposa iwe ndi ine. Koma masana amenewo mankhwala anali m'manja mwa madokotala, ine ndinali pawindo ndi mabuku anga onse m'mutu wopanda chochita, ndipo iwo anali ndi nkhani imodzi yoti ayende nayo. Ndiye mwana yemweyo, atakula, atavala bwino, anaima pamaso pa anzawo n'kuseka. Sanamve za zaka za mitsuko. Anamva kuti anazungulira mumvula pachabe, ndipo amene akuwauza ndi iwe.

Sindikuti iwo alibe cholakwa. Amayi ako ndi ouma mutu, ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndipo sindinawamvepo akupepesa ngakhale kwa chitseko chimene achimenya. Kukuthamangitsa pamaso pa alendo sikunali bwino, ndinawauza, ndipo ndinagona choyang'ana kukhoma masiku atatu chifukwa cha zimenezo. Iwe watengera iwo, usakane. Koma paja amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mmodzi wa inu ayenera kuyamba, ndipo kwathu amene amayamba ndi wapaulendo.

Mvetsa bwino pamenepa, chifukwa ndikukudziwa, uyamba kuganiza kuti adadi akufuna ndikagwade n'kunena kuti makoma anagwa. Ayi. Usakane zimene ukudziwa pofuna kusangalatsa munthu, ngakhale amayi ako, ngakhale ine. Ndinaika makatoni anga kudenga ndipo palibe amene anapindula, bambo sanauke, ine ndinangokhala munthu wosintha matewera a okalamba amene amadziwa Chiheberi. Ntchitoyi sindiinyoza, yakulera, koma sindikufuna kuti nawenso udzakhale ndi makatoni kudenga. Pita ukakumbe, ukalembe, ukamalize zimene ndinalephera. Kutsanzika sikufuna kuti mugwirizane za Yeriko. Kukufuna maondo ako, mutu wako ndi mphindi khumi basi.

Zina zing'onozing'ono, popeza nthawi yopuma ikutha. Uzimwa madzi usanamve ludzu, ine ndinakomoka sabata yoyamba ndipo anandinyamula pa wilibala ngati thumba la simenti, anthu akujambula. Chipewa usavule. Ukafika m'mawa uzipereka moni kwa anthu a m'deralo amene amakumba nanu, uphunzire mayina awo. Ambiri akumba zaka zambiri kuposa aphunzitsi ako, amamva ndi dzanja pamene dothi lasintha, ndipo amathandiza amene amawalemekeza. Usakangane za ndale za dziko la eni pa tebulo la chakudya, kumeneko anthu amaphana chifukwa cha funso loti ndani anayamba kukhala pati, ndipo kaphale kako kakhoza kusanduka chida m'manja mwa wina. Ku Jeremani upeze anthu odya nawo, mabuku sadzakufunsa ngati wadzuka bwanji. Ukalakwitsa muyeso unene tsiku lomwelo. Uziimba foni Lamulungu, ngakhale ulibe chonena.

Phale lija ndinaganiza zokupatsa kuti ukalibweze, koma ndazindikira kuti ndimangofuna kukusenzetsa katundu wanga. Dzenje lake linakwiriridwa kalekale, palibe kobwezera. Likhale pomwepo pawindo. Amayi ako amalipukuta Loweruka lililonse, ngakhale akudziwa bwino lomwe kuti ndinaba ndiponso kuti palibe akudziwa zaka zake. Ndinawauza zonse chaka chomwe munafika. Anangoti, "Munthu analiumba ndi chala chake, si choncho? Basi, n'zokwanira."

Ukatsegula sutikesi yako, pansi pa mabuku kumbali ya mawilo, upeza zotetezera maondo ziwiri, zakuda, zija amavala oika matailosi. Sindinagule ine. Lachiwiri amayi ako atatsika shifiti ya m'mawa anakwera basi ziwiri kukazifuna, chifukwa anandifunsa kuti kodi kukumbako munthu amakhala chotani, ine n'kuwauza kuti chogwada tsiku lonse pa miyala. Analowa m'chipinda chako iwe uli ku laibulale. Potuluka anandiloza chala n'kuti, "Mukamuuza, mudziwa ine." Ndiye ndakuuza, ndidziwa iwo.

Dzulo ndinaona pa kalendala ya mashifiti ya pa furiji kuti dzina lawo la mawa lafufutidwa. Nditafunsa anati, "Ndasinthana shifiti ndi Mayi Zulu, miyendo ikundiwawa, ndikufuna kupuma." Amayi ako sanapumepo chifukwa cha miyendo chifikireni m'dziko muno. M'mawa uno ndisananyamuke ndinawapeza akusita chitenje chawo cha ku mapemphero ndi bulauzi yoyera, pamene mawa ndi Lachinayi wamba ndipo kulibe msonkhano uliwonse. Ndinangotenga makiyi anga n'kutuluka.

Sadzakuitana, usayembekezere zimenezo. Mawa pofika 7 koloko adzakhala atavala, atakhala pampando uja wa kukhitchini wapafupi ndi rediyeta yotenthetsa nyumba, tiyi ali patebulo, akuyang'ana kunja ngati akuwerenga mabini a zinyalala a anthu oyandikana nawo. Ukamatsika masitepe ndi sutikesi, khomo lotulukira lili kutsogolo kwako, la kukhitchini lili kumanzere. Ine ndidzakhala m'galimoto panja, injini yozima. Ukachedwa sitima ndikuperekeza mpaka ku bwalo la ndege, mafuta ndathira kale. Koma ukatuluka msanga, Tiya, ukatuluka maondo ako ali oyera, ndidzakuperekezabe chifukwa ndiwe mwana wanga, kenako ndidzabwerera ndekha kunyumba ija, ndipo ndidzawapeza akadali pampando pomwepo, akundiuza kuti wangopita kukaika katundu m'galimoto, ubwera. Bambo anga sindinawaone atakhala choncho, ndinangouzidwa pafoni, ndipo zandikwanira moyo wonse. Usandionetse ndi maso.

Belu la a Harold likulira, ndisiyire pompa. Kalatayi ndiika pamwamba pa sutikesi yako ndikafika madzulo ano.

Kumanzere, mwana wanga.

Ndine bambo ako,
amene anatulukira khomo la kuseri.